Mwapemphera, koma mwapempha chiyani?

Anthu awiri akayambana, timati asemphana Chichewa. Mawu amenewa ndimawakonda chifukwa sathamangira kuloza munthu chala. Sanena kuti uyu ndi wakuba kapena uyo ndi wamwano. Amangoti mawu a wina adadzera njira ya kumadzi, a mnzake adadzera ya kumunda, ndiye sadakumane. Amene adayamba kuyankhula chonchi ankadziwa kuti mkangano umabadwira pakamwa, umakulira pakamwa, ndipo ukafuna kutha umatheranso pomwepo. Chandikhazika pansi kuti ndilembe n'chakuti ife Akhristu, tikayambana ndi mbale wathu n'kuthamangira kwa Mulungu kuti atithandize, timakasemphananso Chichewa komweko. Mawu timatchula opatulika, koma ntchito imene timawatuma ndi ina.

Ndiyambe ndi mlandu wanga womwe. Zaka zingapo zapitazo ndidapatsa alamu anga, amuna a mlongo wanga, matumba awiri a feteleza. Mvula idali itakhazikika, chimanga chawo chili m'mawondo koma chitayamba chikasu. Powapatsa ndidati, "Tengani alamu, tidzaona pokolola." M'mutu mwanga imeneyo idali ngongole. Iwo adamva thandizo, poti mayi athu okalamba ankakhala pakhomo pawo n'kumadya za m'munda womwewo. Kukolola kudafika, nkhokwe yawo idadzaza, koma kwathu sikudabwere ngakhale lichero limodzi. Ndidatuma mwana ndi kakalata, yankho lidabwera lowawa, ndipo kwa miyezi itatu tinkangopatsana moni tikakumana pamaliro.

Loweruka lina madzulo ndikutong'ola chimanga pakhonde, adatulukira mkulu wa mpingo wa m'dera lathu, bambo wachikulire wa imvi mbuu, pa njinga yawo yakapalasa, Baibulo lokutira pulasitiki atalimangirira ndi mphira pakaliyala. Ndidawatulutsira mpando, koma iwo adakhala pamkeka pomwe ndidali, n'kutola chimanga chimodzi kuyamba kutong'ola nawo. Titafunsana za kunyumba, za ana ndi za mitengo ya zinthu, adati:

"Aphunzitsi, nkhani ya inu ndi alamu anu ija yafika pati?"

"Abambo, imene ija ndaipempherera kwambiri. Ine ndatsogoza Mulungu."

"Mwachita bwino, mwapemphera. Nanga mwapempha chiyani?"

Ndidakhala chete, chala chili pa chimanga. Ndidayesa kukumbukira mapemphero anga a miyezi itatu ija. Ndidapempha kuti Mulungu awatsekule maso alamu anga, awafewetse mtima, awaonetse kulakwa kwawo. Za maso anga, mtima wanga ndi kulakwa kwanga mudalibemo.

Mkuluyo adaponya chitsononkho pambali nati, "Mwati mwamutsogoza. Ndiye kuti njira mudasankha kale ndinu. Mwana ukamutsogoza ndi nyali usiku, amapita kumene ukufuna iwe."

Kuyambira tsiku limenelo ndimamvetsera ndi khutu lina aneni awiri awa, kutsogolera ndi kutsogoza. Muzu wawo ndi umodzi, ndi ana a mneni kutsogola, koma sasenza katundu wofanana. Wokutsogolera ndi amene akudziwa njira. Iwe umaponda pamene iye waponda, akakhota nawe umakhota, ngakhale kumene wakhoterako sikumene unkafuna. Kutsogoza ndi msintho wochititsa: ndiwe amene ukuika wina patsogolo. Sindikunena kuti abusa amalakwa akamati titsogoze Mulungu pa zonse. Amatanthauza kuti timuike poyamba, monga timanenera kuti munthu uyu amatsogoza ulemu, uyo amatsogoza ndalama. Chimenecho n'Chichewa chabwino ndithu. Koma taonani mwininkhani wa chiganizo. Mu "ndatsogoza Mulungu" wochita ntchito ndine. Mu "Mulungu anditsogolere" wochita ntchito ndi Iye, ine ndatsala kaphatikizo kakang'ono ka -ndi- kali pakati pa mneni, kodikira. Pa tsiku la mtendere kusiyana kumeneku sikuoneka. Pa tsiku la mkangano, mtima uli fwaa, n'kosavuta kumuika Mulungu patsogolo ngati chishango n'kumamukankha kumsana kuti alunjike pakhomo pa amene watikwiyitsa. Ndiye tikamati tikufuna chitsogozo, tizidzifunsa kuti pa ulendowu akutsogoza mnzake ndani.

Funso la mkulu uja lidavundukulanso chinthu chimene tonse timachidziwa koma tidachiiwala: kupemphera ndi mwana wa kupempha. Wopemphera ndi wopempha, ndipo wopempha salamula. Amafika pakhomo, amaodira, amakhala pansi, amanena vuto lake, n'kudikira kuti mwini nyumba anena chiyani. Kalata ya Yakobe 1:5 imalangiza wosowa nzeru kuti akapemphe kwa Mulungu. Pamenepa pali mfundo imene imatipita: woyenera kupempha ndi amene wavomera kuti nzeru zamuchepera. Munthu amene waweruza kale mlandu mumtima mwake sakupempha nzeru. Akufuna chidindo.

Tikawonjezera -er- wina timapeza kupempherera. Msintho womchitira, monga tidaphunzirira kusukulu, sunena wokha ngati chochitikacho n'chokoma kapena choipa: mayi amaphikira mwana, mbala imabera mlendo, kaphatikizo n'komweko. Chimene chidapatsa kupempherera tanthauzo labwino ndi m'mene makolo athu m'chikhulupiriro ankagwiritsira ntchito mawuwa. Ankapempherera odwala, apaulendo, amayi oyembekezera, ana olemba mayeso. Munthu ukamuuza kuti ndikupemphererani, ankayankha kuti zikomo. Lero ndamvapo ndi makutu anga mayi wina pamjigo, ndowa ili m'manja, akuuza mnzake atamuloza chala kuti, "Ndikupempherera iwe, uona!" Ndipo mnzakeyo adachita mantha, chifukwa adamva bwino chimene chidanenedwa. M'mapemphero ena a usiku, maina a apongozi, a akazi anzawo ndi a oyandikana nawo nyumba amatchulidwa mokweza n'kuitaniridwa moto. Chichewa chili nalo kale liwu la ntchito imeneyo, ndipo liwulo ndi kutemberera. Amene akufuna kutemberera alimbe mtima atchule dzina lenileni la chimene akuchita, asabe liwu la odwala ndi apaulendo. Yakobe yemweyo, pa mutu 3, amadandaula ndi pakamwa pamodzi potuluka zonse ziwiri, kuyamika ndi kutemberera. Ifeyo tapitirira pamenepo, tazipatsa ziwirizo dzina limodzi.

Pali mneni wachitatu amene ndi wofatsa kuposa kutemberera, ndipo ndi amene ine ndinkachita: kuneneza. Mwana akathamangira kwa bambo ake kukanena kuti mkulu wake wamutsina, osatchula kuti iye ndiye adayamba kulanda chinangwa, timati akuneneza. Mapemphero ambiri a pa mkangano ndi otero. Kudandaula kwa Mulungu sikoletsedwa. M'Masalimo muli madandaulo ochuluka, ena owawa zedi. Koma ukamaliza kudandaula usadzuke n'kumati ndamupempherera mlamu wanga. Wamuneneza basi, kumupempherera sunayambe.

Nanga mawu aja oti "ndamusiyira Mulungu"? Awa ndi oterera. Kusiya nkhani m'manja mwa Mulungu ndi kutula katundu: wavomera kuti kubwezera si kwako, mapewa apepuka. Koma mvetserani m'mene ambiri amanenera, mano atalumana: "Ameneyo ndamusiyira Mulungu." Chosiyidwacho si nkhani ayi, ndi munthu, ndipo akusiyidwa monga amasiyira wakuba m'manja mwa apolisi. Paulo pa Aroma 12:19-20 amanenadi kuti kubwezera tikusiyire Mulungu, koma mpweya womwewo amapitiriza kuti mdaniyo akamva njala timudyetse. Choyezera chake n'chapafupi. Amene wasiyadi nkhani kwa Mulungu, m'mawa mwake amatha kupereka moni. Mwana wa mnzakeyo akadwala amapita kukazonda. Amene wangomusiyira Mulungu munthu amakhala tcheru kudikira tsiku limene amve kuti mbuzi za uje zafa, kuti anene kuti si mwaona.

Mawu amene amandiopsa kuposa onse ndi akuti "Mulungu wandiuza." Pabwalo la mfumu munthu akanena kanthu amafunsidwa kuti mboni yako ndani, udaona ndi maso kapena udangomva. Mawu a munthu aliyense amatha kufunsidwa. Koma wina akangoti Mulungu wandiuza kuti vuto m'banja lino ndi inu, pakamwa pa mnzake watsekapo ndi mwala, pakuti kuyankha kukhala ngati kutsutsana ndi Mulungu. Sindikukana kuti Mulungu amayankhula ndi anthu ake. Ndikukana chizolowezi chotenga maganizo athu, makamaka amene atifikira tili okwiya, n'kuwaveka dzina lake. Lamulo la pa Eksodo 20:7 loletsa kutchula dzina la Mulungu pachabe silikunena za olumbira pamowa okha. Ndipo mbali yaikulu ya Yeremiya 23 ndi yodzudzula anthu onena kuti atumidwa pamene sadatumidwe. Taonani Paulo ndi Barnaba pa Machitidwe 15. Onse awiri adali anthu a pemphero, adayenda limodzi ulendo wautali wolalikira, koma adakangana kwambiri pa za Yohane Marko, mnyamata amene adawasiya panjira ku Pamfuliya. Barnaba ankafuna kumutenganso, Paulo adakana. Adapatukana: Barnaba adatenga Marko kupita ku Kupro, Paulo adatenga Sila. Luka polemba nkhaniyi sadaike m'kamwa mwa aliyense wa iwo mawu akuti Mulungu wandiuza. Adailemba monga idalili, mkangano wa anthu awiri. N'chifukwa chake khomo lidatsala lotsekula, ndipo pa 2 Timoteo 4:11 tikupeza Paulo akuitanitsa Marko yemwe uja kuti ndi wothandiza pa ntchito. Akadalumbira kuti kumukana kuja kudachokera kumwamba, akadabwerera bwanji? Chichewa chathu sichisowa mawu odzichepetsa. Munthu angathe kunena kuti, "Ndaipempherera nkhaniyi, ndipo mtima wanga ukundiuza chakuti, nanga inu mukuona bwanji?" Pamenepo pemphero latchulidwa, koma mnzako wamusiyira poyankhira.

Tsono ndifike pa liwu limene kwa ine ndi mphatso yaikulu imene omasulira Baibulo adatisiyira. Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, ntchito imene adaitsogolera William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, mothandizana ndi amishoni ena komanso aphunzitsi a kuno eni chinenero. Atafika pa Yohane mutu 14 mpaka 16, pamene Yesu akulonjeza Mzimu Woyera, adakumana ndi liwu la Chigiriki lakuti parakletos, lonena za munthu woitanidwa kuti adzaime pambali pako. Akadatha kulemba kuti mthandizi kapena wotonthoza n'kupitirira. Iwo adalowa m'mudzi n'kukatenga liwu lakuti Nkhoswe. Pa 1 Yohane 2:1 adagwiritsanso liwu lomweli ponena za Yesu.

Aliyense amene adakhalapo pa mlandu wa banja akudziwa kuti nkhoswe ndi munthu wotani. Ndi wako ndithu: malume ako kapena mkulu wako, amene adakuimira pa chinkhoswe, amene umamugogodera ngakhale pakati pa usiku zinthu zikavuta. Sangakutaye. Koma nkhoswe si loya amene wamulipira kuti upambane mlandu. Chimene iye akusunga ndi banja, osati ulemu wako wa tsiku limenelo. Ukapita kukamudandaulira amamvetsera mpaka umalize, kenako amayamba kufunsa mafunso amene sumawafuna: iwe udayankha chiyani, udabwera nthawi yanji, ndalama ija idapita kuti. Sagamula atamva mbali imodzi. Amatumiza uthenga kwa nkhoswe inzake ya kuchikazi kapena ya kuchimuna kuti akhale pansi onse. Ndipo nkhoswe yodziwa ntchito yake imayamba kudzudzula wake, pamaso pa onse, isanatchule cholakwa cha mbali inayo. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Mkhristu akamagwada pa nthawi ya mkangano kuti Mzimu Woyera amutsogolere, akuitana Nkhoswe. Mutu 16 womwewo wa Yohane umene ukunena kuti Mzimuyo adzatsogolera anthu ku choonadi ukunenanso kuti adzatsutsa za tchimo. Sungatenge theka la nkhoswe. Ngati pa mapemphero ako onse Nkhosweyo sadakufunsepo funso lokuwawa, sadakutumepo kumene sukufuna kupita, ndipo nthawi zonse amangovomereza kuti wolakwa ndi mnzako, ndiye kuti amene ukuyankhula naye si nkhoswe, ndi mtima wako womwe ukubwereza mawu ako. Ndiponso nkhoswe sagwira ntchito m'maloto mokha. Njira ya pa Mateyu 18:15-17 ndi ya miyendo: pita kaye wekha kwa mbale wako mukakambirane awiri, zikakanika tenga mmodzi kapena awiri, zikakanikabe ndiye ukauze mpingo. Masiku ano timaiyambira kumchira. Nkhani imayamba yamveka kumlaga, kumphakati, ku Mvano kapena ku Chigwirizano ngati "chopempherera," ena amafika poilemba pa WhatsApp ya kwaya, mwini wake asanauzidwe n'kamodzi komwe. Miseche ikavala yunifolomu ya mpingo sisanduka pemphero.

Tinene kuti wapemphera moona, wadzudzulidwa, wanyamuka. Ukafika pakhomo pa mnzako pali dzenje lina lokudikira, ndipo lili m'liwu lokoma lakuti pepani. Pepani amagwira ntchito ziwiri. Timapepesa maliro amene sitidawachititse, timati pepani kwa munthu amene wapunthwa yekha pamwala. Ndiye pepani payekha savomera mlandu. Angathe kungotanthauza kuti ndamva chisoni kuti mwakhumudwa. Chimene chimamupatsa kulemera ndi mneni wotsatira, ndipo apa m'pamene timazembera. Wina amati, "Pepani, pena pake panalakwika." Aphunzitsi a Chichewa amautcha msintho umenewu wochitidwa m'chibisira, ndipo dzinalo n'loyenera, chifukwa wolakwa wabisala, zinthu zangolakwika zokha ngati mphika wosweka usiku. Wina amati, "Ndinalakwitsa." Ameneyu wayandikira, koma kulakwitsa timalakwitsa samu ndi njira, munthu wopwetekedwa sakuonekamo. Liwu lokhala ndi anthu onse awiri m'kati mwake ndi ili: ndakulakwirani. Muli ine wochita, muli inu wochitiridwa, palibe pobisala.

Ndiye pali kamlumikizi kaja kowononga zonse, ngati. "Pepani ngati ndakulakwirani." Munthu wayenda mtunda wonsewo, wakhala pansi, mwina wagwetsa ndi misozi, koma ndi kaliwu kamodzi wabweza mlandu wonse kwa mnzake: inuyo ndi amene mukuti ndalakwa, ine sindikudziwa. Kumudzi munthu akapezeka wolakwa amabwera ndi nkhuku ya chipepeso. Sindidaonepo munthu atagwira nkhuku m'manja n'kumati landirani ngati ndidalakwa. Nkhukuyo payokha ikuvomera. Liwu lakuti ngati limagwira ntchito pamene sukudziwadi, monga potsanzikana ndi anthu amene wakhala nawo zaka zambiri. Koma pamene ukudziwa tsiku, malo ndi mawu amene udanena, tchula.

Liwu lakuti kukhululuka lili ndi chithunzi chokongola m'kati mwake. Mfundo ya chingwe ikamasuka yokha, ulusi ukasololoka pa nsalu, timati wakhululuka. Kukhululukira munthu ndi kumasula mfundo imene udamumanga nayo mumtima. Zimenezi ungathe kuchita wekha, pamaso pa Mulungu, ngakhale mnzakoyo atakana kukuona, ngakhale atamwalira. Kuyanjana n'kwina. Kaphatikizo ka -an- kamafuna anthu awiri, ndipo sungakakamize dzanja la mnzako kuti litambasuke.

Apa ndipemphe akulu a mpingo ndi amayi otsogolera kuti asamale ndi -an- ameneyu. Tili ndi chizolowezi chotseka mlandu uliwonse ndi mawu akuti "khululukiranani." Pamene onse awiri alakwirana, monga ine ndi alamu anga, liwulo n'loona. Koma mayi akabwera diso lili lotupa, mwamuna wake atamumenya kachitatu mwezi umodzi, kunena kuti khululukiranani ndi kumugawira mayiyo theka la mlandu umene si wake. Kuwonjezera kuti ingopempherani, banja n'kupirira, n'kumubweza kunyumba komweko usiku womwewo, si chitsogozo cha Mulungu. Kumenya mkazi si kusemphana Chichewa. Dzina lake ndi nkhanza, ndipo dziko la Malawi lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja kuyambira mu 2006. Womenyayo ndiye auzidwe kuti lapa, ndipo kulapa kumaoneka ndi kusiya. Womenyedwayo apatsidwe pogona potetezeka, ndipo akafuna kupita kupolisi aperekezedwe. Pa Mateyu 18 pomwe paja Yesu sadabise kuti alipo wochimwa ndi wochimwiridwa.

Mkulu wa mpingo uja sadandiuze kuti ndipite kwa alamu anga. Tidatong'ola chimanga mpaka dengu lidadzaza, adapemphera mwachidule, ndipo m'pemphero lawolo adatchula dzina langa ndi la alamu anga m'chiganizo chimodzi, kupempha chinthu chimodzi. Adakwera njinga yawo n'kumapita kusanade. Usiku umenewo ndidapempha kuti ndionetsedwe mbali yanga, ndipo sidachedwe kuoneka: mawu aja oti tidzaona ndidawasankha dala osamveka, chifukwa ndinkafuna kuoneka wopatsa pamaso pa mlongo wanga uku ndikuwerengera chimanga mumtima. Ndidakumbukiranso kuti chaka chonsecho sindidagulire mayi ngakhale sopo.

Lamulungu m'mamawa, belu loyamba lisanalire, ndidawapeza alamu akumangirira mbuzi kuseri kwa khola. Atandiona adaima, chingwe chili m'manja.

"Alamu, ndabwera. Ndakulakwirani. Mawu anga pa feteleza uja sadali olunjika, ndipo miyezi itatu yonseyi ndakhala ndikukunenezani kwa Mulungu m'malo mobwera kuno."

Sadayankhe msanga. Adamaliza kumanga mfundo pachikhomo, adapukuta manja m'thalauza, n'kuitana mlongo wanga kuti atulutse mipando iwiri. Tidakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka belu lachiwiri. Nawonso adatchula za kakalata kaja, kuti yankho lawo lidali lamwano. Za matumba tidagwirizana kuti limodzi likhale la mayi, linalo adzabweze chimanga akadzakolola. Kutchalitchi tidafika mochedwa, nyimbo yoyamba itatha, ndipo tidakhala pa benchi ya kumbuyo chifukwa ndi pokhapo pamene padatsala malo a anthu awiri.